Shire ali pakhomo, nanga mpopi waumiranji?

Munthu akaima pa mlatho wa Kamuzu Barrage kum'bandakucha, Asilamu akutuluka m'mizikiti pambuyo pa swala ya Fajr, amaona madzi ochuluka zedi akutsika kuchokera kunyanja ya Malawi kudzera m'nyanja ya Malombe. Mlathowu unamangidwa m'chaka cha 1965 kuti uziwongolera kayendedwe ka madzi opita kokapangira magetsi ku Nkula ndi kumunsi kwake. Komabe munthu yemweyo akatembenuka n'kulowa m'makwalala a tauni ya Liwonde, sachedwa kukumana ndi mayi wosenza ndowa kapena mwana wokankha njinga yomangirira zigubu. Alendo amadabwa kuti anthu angavutike bwanji ndi madzi mtsinje uli pakhomo. Eni dera sadabwa, pakuti amadziwa kuti kudooko kuli ng'ona, ndipo madzi a mumtsinje sali oyenera kumwa asanathiridwe mankhwala.

Pakati pa mtsinje ndi mpopi pali ntchito yaitali: kupopa, kusefa matope, kuthira kulorini, kukweza madziwo m'mathanki, ndi kuwatumiza m'mapaipi okwiriridwa pansi. Lamulo la m'chaka cha 1995 linagawa ntchito imeneyi kwa mabungwe asanu: la Blantyre, la Lilongwe, ndi atatu a m'zigawo za kumpoto, pakati ndi kumwera. Liwonde, Balaka ndi Mangochi ali m'manja mwa bungwe la Southern Region Water Board, lomwe likulu lake lili ku Zomba. Mabungwe asanuwa ali ndi mgwirizano wawo wotchedwa Water Services Association of Malawi, kumene amakambirana mavuto awo, omwe nthawi zambiri amakhala ofanana.

Vuto lalikulu mwa onsewo silioneka ndi maso. M'matauni ambiri a dziko lino, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi oyeretsedwa kale limatayika lisanabweretse ndalama. Ena amatuluka m'mapaipi akale othetheka, ena amabedwa ndi anthu olumikiza mapaipi mozemba, ena amadutsa pa mita yakufa osawerengedwa. Madzi amenewa analipiridwa kale magetsi ndi mankhwala. Akatayika, banja lokhala kumapeto kwa paipi ndi lomwe limadzuka n'kupeza mpopi ukungopuma mpweya.

Apa ndi pamene pamabwera nzeru yoti bungwe la madzi liphunzire kwa bungwe linzake. Si ngongole ayi, ndipo si kugulitsa bungwe kwa amalonda. Amisiri a bungwe lomwe linadutsa kale m'vuto amabwera kudzagwira ntchito limodzi ndi anzawo, dothi lomwelo, dzuwa lomwelo. Nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, UN-Habitat, inakhazikitsa mgwirizano wa dziko lonse wolimbikitsa maubale otere, ndipo kuno kwathu makampani a madzi a ku Netherlands, kudzera m'bungwe lawo la VEI, akhala akugwira ntchito ndi mabungwe a Lilongwe ndi Blantyre kwa zaka zoposa khumi. Kuyambira mu 2017 makampani a ku Netherlands akhala akuyendetsa ndondomeko yotchedwa WaterWorX m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi.

Zomwe amaphunzitsana n'zosavuta kuzimvetsa. Tauni amaigawa m'timagawo, ndipo pakhomo la kagawo kalikonse amaikapo mita yaikulu. Pakati pausiku, anthu ali mtulo, amawerenga madzi omwe akulowabe m'kagawoko. Ngati ali ochuluka pamene palibe akutunga, ndiye kuti pena pake pansi pakudontha, ndipo amisiri amayenda ndi zipangizo zomvetserera mpaka atapeza malowo. Amaphunzitsananso kuchepetsa mphamvu ya madzi usiku kuti mapaipi asaphulike, kujambula mapu a mapaipi onse (mungadabwe kumva kuti mapaipi ena amadziwika ndi mkulu mmodzi yekha amene anawakwirira), ndi kusamalira makina asanafe m'malo modikira kuti afe kaye.

Ine ndimaona kuti sikuti nzeru zonse ziyenera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Bungwe la Blantyre limapopa madzi a Shire yemweyu pa Walker's Ferry n'kuwakweza mtunda wa makilomita pafupifupi 40, choncho limadziwa bwino za matope a m'dzinja ndi mtengo wa magetsi. Ku Lilongwe, kuyambira cha m'ma 2006, malo ogulitsira madzi m'madera a anthu osauka anaperekedwa m'manja mwa magulu a eni dera, mothandizana ndi bungwe la WaterAid, chifukwa ndalama zinkasowa m'manja mwa anthu ochepa ndipo mipopi inkatsekedwa kaamba ka ngongole. Phunziro limenelo likhoza kuthandiza pa Liwonde kuposa ulendo wa pandege. Ndipo anthu a ku Balaka sanaiwale chaka cha 2018, pamene damu la Mpira m'boma la Ntcheu linaphwa, mipopi n'kukhala chete kwa miyezi. Tauni yodalira gwero limodzi ili ngati nyumba ya mzati umodzi.

Mbali yomwe yatsalira kwambiri ndi ya ukhondo. Pa 3 March 2022 Unduna wa Zaumoyo unalengeza za kubuka kwa kolera, munthu woyamba atapezeka ndi matendawa m'boma la Machinga, patangopita masabata ochepa namondwe Ana atasefukiritsa madzi. Mliriwo unafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe analira maliro ambiri. Dera la Liwonde ndi lathyathyathya, madzi apansi ali pafupi, ndipo mvula ikachuluka zimbudzi zokumba zimasefukira n'kusakanikirana ndi zitsime. Mgwirizano wongolankhula za mapaipi osakhudza zimbudzi, kapena komwe zonyansa zikatayidwe chimbudzi chikadzaza, ndi wothyoka mwendo umodzi.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi imafika mpaka pa mkeka wa swala. Timafuna madzi a udhu kasanu pa tsiku, a istinja, a kusamba kwa twahara, ndi osambitsira maliro. Ndinaonapo pa mzikiti wina, tsiku la Ijumaa mpopi utauma, anthu ambirimbiri akuviika manja m'chidebe chimodzi. Panthawi ya kolera, chidebe chotero chikhoza kudwalitsa mudzi. Mbiri yathu imatiuza kuti ku Madina, Uthman bin Affan anagula chitsime cha Ruma n'kuchipereka kuti anthu onse azitunga ulere. Masiku ano opereka sadaka amakonda kukumba mjigo, ndipo n'chinthu chabwino, koma m'tauni momwe muli zimbudzi mbali zonse, nthawi zina sadaka yopambana ndi kulipirira banja losauka kuti lilumikizidwe ku mpopi, kapena kugulira mzikiti thanki yokhala ndi mipopi yake.

Bungwe la madzi nalonso limadalira maso a eni dera. Paipi ikaphulika kuseri kwa madrasa, ana ndiwo amayamba kuiona, ndipo komiti ya mzikiti ikhoza kukanena tsiku lomwelo m'malo moyembekeza sabata. Woba madzi amadziwika ndi anansi ake. Nawonso akuluakulu a bungwe akabwera ku msonkhano wa m'dera, tili ndi ufulu wowafunsa mwaulemu kuti madzi otayika pa Liwonde atsika motani chiyambireni kuphunzira kwa anzawo, ndi kuti mabanja angati a kutsidya la Machinga ndi la Balaka alandira mpopi chaka chino.