Voti ya ku Mgona iyenera kulemera ngati ya ku Likoma

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, koma kufikira chisankho cha 2025 khamu lonseli linali ndi aphungu anayi okha ku Nyumba ya Malamulo: wa City Centre, wa City West, wa City South East ndi wa City South West. Chilumba cha Likoma, chomwe pa kalembera yemweyo chinali ndi anthu osakwana 15,000, chinali ndi phungu wakewake. Dera la City Centre, momwe munali Area 25 ndi Mgona, linali ndi anthu olembetsa kuvota oposa 100,000. Choncho mayi wogulitsa tomato pa Nsungwi m'derali akaima pamzere kuyambira mbandakucha n'kudinda chala, voti yake inkapepuka kuposa kakhumi poiyerekeza ndi ya msodzi wa pachilumba. Palibe adamubera. Malire ndiwo ankamudyera masuku pamutu.

Panthawiyo malamulo aakulu a dziko lino ankati bungwe loyendetsa zisankho la MEC liziunikanso malire a madera zaka zisanu zilizonse, komatu ntchitoyi idagona kuyambira 1998. M'zaka zonsezo anthu ankangokhamukira m'tauni, nyumba za lendi zikumera kuseri kwa zinzake ku Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Biwi, mipando ili 193 yomweyo. Pamene MEC idadzagawa madera n'kufika 229 pokonzekera chisankho cha pa 16 September 2025, ambiri adadandaula kuti aphungu 36 owonjezera ndi katundu pamsana pa okhoma misonkho. Dandaulo n'lomveka, pakuti phungu sadya pang'ono. Koma wofuna kupulumutsa ndalama akadanena kuti madera ang'onoang'ono aphatikizidwe, ndipo ndi phungu uti angavomere kuti mpando wake uthe? Ena amati phungu wa kumudzi amayenda mtunda wautali pomwe wa m'tauni dera lake amalizungulira tsiku limodzi. Zimenezo malamulo amaziganizira kale, koma phungu amaimira anthu, saimira mtunda.

Mtsutso wolemera ndi wa anthu a m'makwalala eniakewo, oti kaya aphungu akhale anayi kaya khumi, ngalande ya ku Kawale imasefukirabe mvula ikagwa, zinyalala zili mbwee pamsika, ndipo phunguyo amaoneka pamaliro okha atanyamula bokosi, apo ayi pamsonkhano pa bwalo la Masintha. Apa tisasokoneze maudindo. Ngalande, misika ndi zinyalala ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda ndi makhansala, omwe dziko lino lidakhala opanda iwo kuyambira 2005 mpaka 2014, mpake anthu adazolowera kugogoda pageti pa phungu. Ngakhale khoti lidagamula mu 2025 kuti n'kulakwira malamulo aphungu kuyendetsa thumba la chitukuko la CDF. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufunsa nduna mafunso, ndipo pamenepo amawerenga mitu. Mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni wokhala ndi mitu inayi pa 193 sukadamveka pa nkhani ya madzi, malo omangapo nyumba kapena misonkho ya mavenda.

Kugawa madera kunali koyenera, kungoti kudachedwa. Chinsapo ndi Mgona sizidaleke kukula tsiku lomwe MEC idajambula mapu atsopano, ndiye bungweli lisadikirenso zaka makumi awiri.