Mboni Zogula ndi Malo Oyamba pa Google

Munthu ali yense amene anagulitsapo kanthu adziwa kuti pa malonda malo ndi cinthu cacikulu. Pa msika wa Chisokone ku Kitwe, mai amene thebulo lace liri pafupi ndi khomo amayamba ndiye kuona ogula, pamene mnzace wa kumbuyo, ngakhale tomato wace akhale wabwino coposa, amayembekeza otsala. Masiku ano pali mseu wina umene masitolo alimbanirana malo, ndiwo uja uoneka pa galasi la lamya ya m'manja. Munthu galimoto yace ikafa pa njira ya ku Chingola safunsanso odutsa ai. Atulutsa foni, nalemba mau atatu kapena anai pa Google, ndipo pa kamphindi aona mndandanda wa maina. Ambiri amakhudza dzina loyamba, laciwiri kapena lacitatu, ndipo ofika ku maina a kunsi ndi owerengeka. Nzeru ya kukweza dzina la bizinesi pa mndandanda umenewo popanda kugula malo ichedwa pa Cingerezi search engine optimization, mwacidule SEO, ndipo pali anthu ambiri amene amadya za nchito imeneyi, ena oona mtima, ena onyenga.

Nkhaniyi ikhudza makamaka iye amene wapuma nchito ya pa mgodi, nalandira ndalama zace zonse pamodzi, natsegula garaji, kapena sitolo ya simenti ndi malata, kapena nyumba yogona alendo. Posacedwa adzafika mnyamata wobvala bwino, nadzati, "Bambo, mundipatse zakuti-zakuti, ndipo ndidzaika dzina lanu pamwamba pa onse." Asanapise dzanja m'thumba, kuli bwino kuti bamboyo adziwe m'mene mndandandawo upangidwira.

Google sayendera intaneti yonse pa nthawi imene munthu wafunsa; zikadatero, yankho likadacedwa masiku ambiri. Nchito yaikulu imakhala itacitika kale. Pali pulogalamu ya kompyuta yochedwa Googlebot, imene usana ndi usiku imayenda kucokera pa tsamba lina kunka pa lina, kuwerenga zolembedwapo ndi kuzisunga m'kaundula wamkulu, monga kalaliki wa ku ofesi ya mgodi asungira khadi la wanchito ali yense. Tsamba limene silinalowe m'kaundulamo liri ngati kulibe. Tsono munthu akafunsa, makina amayang'ana m'kaundula, napeza masamba zikwi-zikwi okhala ndi mau ofunsidwawo. Bvuto ndi ili: mwa onsewa, loyamba likhale liti?

Makina ofufuzira a kale, monga AltaVista amene anayamba m'caka ca 1995, anali kudalira kwambiri mau olembedwa pa tsamba lomwelo. Ocenjera sanacedwe kuona mpata. Wogulitsa nsapato anali kulemba liu lakuti "nsapato" kambirimbiri kunsi kwa tsamba lace, ndi zilembo zoyera pa malo oyera, kuti munthu asazione koma makina aziwerenge. Kunali ngati bwalo la milandu limene woweruza amangokhulupirira zimene munthu anena za iye mwini.

Anyamata awiri ophunzira pa sukulu ya ukacenjede ya Stanford ku California, Larry Page ndi Sergey Brin, anayamba m'caka ca 1996 kuyesa njira yina, ndipo mu 1998 anakhazikitsa kampani ya Google. Pa masamba a intaneti pamakhala mau ena amene munthu akawakhudza amamtengera ku tsamba lina. Amenewa achedwa malinki. Iwo anati linki iri yonse iwerengedwe ngati mboni. Tsamba limene masamba ena ambiri aliloza, liyenera kukhala la phindu. Komanso mboni sizilingana: monga pa bwalo mau a mfumu alemera kuposa a munthu wongodutsa, coteronso linki yocokera ku tsamba limene lokha lilozedwa ndi ambiri iposa malinki makumi ocokera ku masamba osadziwika. Kawerengedwe kameneka anakacha PageRank. Lero Google amayang'ananso zizindikiro zina zambiri, zina zimene saziulula, koma umboni wa malinki ukali cimodzi ca izo.

Pamene pali mboni, sipalephera kukhala wofuna kuzigula. Citsanzo comveka ndi ca J.C. Penney, kampani ya masitolo a zobvala ndi za m'nyumba ku Amereka. Ciyambi cace anthu a ku migodi akhoza kucikonda, pakuti James Cash Penney anatsegula sitolo yace yoyamba m'caka ca 1902 ku Kemmerer, tauni yaing'ono ya migodi ya malasha m'dziko la Wyoming, nagulitsa kwa okumba malasha ndi akazi ao pa mtengo umodzi kwa onse, wopanda ngongole. Pofika 2010 kampaniyo inali ndi masitolo ngati 1,100.

Kumapeto kwa caka cimeneco, nyengo ya Khrisimasi pamene anthu amagula kwambiri, panaoneka cozizwitsa. Munthu akalemba pa Google mau a Cingerezi otanthauza madiresi, J.C. Penney anali woyamba. Akalemba zofunda, woyamba yemweyo. Mikeka ya m'nyumba, mipando, cimodzimodzi. Ngakhale wofuna masutikesi a Samsonite anali kupeza J.C. Penney pamwamba pa kampani ya Samsonite imene imawapanga. Nyuzipepala ya New York Times inapempha katswiri kuti afufuze, ndipo iye anapeza masamba 2,015 okhala ndi malinki a mau a madiresi oloza ku sitoloyo. Masambawo sanali a zobvala konse. Lina linali la maphunziro a mphamvu ya nyukiliya, lina la juga, lina la nyumba zogulitsa ku Bulgaria. Ambiri anali masamba osiyidwa, opanda owerenga, ongokhalira kusenza malinki. Zinali mboni zosadziwa mlandu, zoitanidwa ndi ndalama.

Nyuzipepalayo inapereka umboni wace kwa Google mwezi wa February 2011, ndipo akulu oyang'anira za cinyengo kumeneko, motsogozedwa ndi Matt Cutts, anabvomereza kuti malamulo ao anaswedwa. Ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika. Tsiku lina Lacitatu, pa 7 koloko madzulo, J.C. Penney anali akali woyamba pa mau a masutikesi aja; patapita maola awiri anali pa nambala 71. Pa mau a mipando ya m'cipinda cocezera anacoka pa 1 nafika pa 68. Palibe sitolo imene inatsekedwa, palibe katundu amene analandidwa, koma kwa munthu wofufuza pa Google zinali ngati masitolo onse aja asamutsidwira kuseri kwa phiri. Cilangoco cinakhala masiku ngati 90.

Akulu a J.C. Penney ananena kuti iwo sanalamule zimenezo ndipo sanazidziwe, nacotsa kampani imene inali kuwagwirira nchito ya SEO. Kaya anadziwa, kaya sanadziwe, apa pali mfundo yofunika kwa mwini garaji uja: cilango cinagwera dzina lolembedwa pa tsamba, osati waganyu amene anagula malinki. Ndiponso sanali oyamba. M'caka ca 2006 tsamba la ku Jeremani la kampani ya magalimoto ya BMW linacotsedwa m'kaundula wa Google masiku angapo, cifukwa linali kuonetsa makina mau ena ndi kuonetsa anthu zina. Mu April 2012 Google anasintha kawerengedwe kace, kusintha kumene kunachedwa Penguin, kuti makina okha azizindikira malinki acinyengo, ndipo mabizinesi ang'ono ambiri amene anali atagula malinki anatsika tsiku limodzi.

Malo ogulidwa poyera alipo, ndipo si cinyengo. Ndiwo aja aoneka pamwamba peni-peni ndi cizindikiro cakuti "Sponsored". Google anayamba kugulitsa malo otere m'caka ca 2000, ndipo kuyambira 2002 wamalonda amalipira pokha-pokha munthu akakhudza cilengezo cace. Mtengo upezeka mwa mpikisano, monga acitira pogulitsa fodya pa okushoni, ngakhale makina amayang'ananso ngati cilengezoco cigwirizana ndi funso. M'menemu ndimo mucokera cuma ca Google: mu 2023 kampani ya Alphabet, mwini wace wa Google, inalandira madola 307 biliyoni, ndipo pafupi-fupi 238 biliyoni anacokera ku zilengezo. Koma malo amenewa ali ngati nyumba ya lendi. Ndalama zikatha, dzina lizimirira tsiku lomwelo, ndipo kulipira cilengezo sikukweza tsamba pa mndandanda waulere wa kunsi kwace. Onyenga ena amagula cilengezo ca masiku ocepa, naonetsa mwini sitolo dzina lace liri pamwamba, nalandira malipiro a caka conse.

Nanga wamalonda wamng'ono wa ku Mufulira kapena ku Luanshya acite ciani? Mwai wace ndi wakuti sapikisana ndi dziko lonse lapansi. Wofuna makanika afuna wa pafupi, ndipo pa mafunso otere Google amaonetsa mapu ndi maina ocepa a m'deralo. Kulowa pa mapu amenewo sikulira ngakhale ngwee imodzi: mwini amalembetsa bizinesi yace pa Google Business Profile, natsimikiza kuti ndi yacedi, nalemba mtundu wa nchito, malo, nambala ya foni ndi maola otsegulira. Google mwini anena kuti pa mndandanda wa m'dera amayang'ana zinthu zitatu: kugwirizana kwa bizinesi ndi funso, kutalika kwa mtunda, ndi kuchuka kwace. Mtunda munthu sangausinthe. Zinazo ziri m'manja mwace.

Kugwirizana kumabwera polemba mau amene anthu amafunsa nao. Garaji imene yangolemba kuti "nchito zapamwamba, mitengo yabwino" siinanene kanthu, pakuti palibe amene afufuza mau otere. Imene yalemba kuti ikonza magiya, mabuleki ndi mainjini a dizilo ku Kitwe yadzipatsa mpata. Zithunzi zikhale za malo eni-eni, ndi khomo looneka bwino kuti mlendo alizindikire. Nambala ya foni ikhale imodzimodzi pa Google, pa Facebook ndi pa cikwangwani, ndipo ikalira payenera kukhala woyankha. N'zacisoni kuti ambiri amatha ndalama kuti apezeke, koma wowapezayo akaimba foni ingolira yokha. Kuchuka kumabwera ndi mboni zoona: wogula wokondwa akhoza kupemphedwa kuti alembe ndemanga yace, ndipo wodandaula ayankhidwe mwaulemu, popeza ena mazana adzawerenga yankholo. Ndemanga zogula kapena zolembedwa ndi abale osagulapo kanthu ziletsedwa ndi malamulo a Google, ndipo zikadziwika zimacotsedwa. Zonsezi zimabala pang'ono-pang'ono, pa miyezi, osati pa sabata imodzi.

Kuyambira mu May 2024 Google anayambanso kuika pamwamba pa mafunso ena yankho lolembedwa ndi makina okha, losonkhanitsidwa kucokera ku masamba osiyana-siyana, kotero kuti anthu ena amawerenga pomwepo osakhudza dzina liri lonse. Eni manyuzipepala adandaula nazo kwambiri. Koma makina sangakonze mabuleki, ndipo wofuna makanika adzafunabe nambala ya foni.

Tsono mnyamata uja akabweranso, sikuti athamangitsidwe, pakuti alipo odziwa nchitoyi amene amathandizadi munthu wosazolowera kompyuta. Afunsidwe kuti adzacita ciani kweni-kweni, ndipo afotokoze m'mau omveka. Akalonjeza malo oyamba, akumbutsidwe kuti Google mwini analemba poyera kuti palibe amene angalonjeze zimenezo. Akachula malinki mazana pa mtengo wocepa, nkhani ithere pomwepo. Ndipo akabvomerezana, tsamba ndi akaunti zilembedwe m'dzina la mwini bizinesi, mau acinsinsi olowera akhale m'buku lace, kuti tsiku limene mnyamatayo adzapeza nchito ku Lusaka asapite ndi dzina la garaji m'thumba mwace.