Bulufeni si mankhwala a galu wa nyamakazi

Kuno ku Bwanje galu ndi wantchito. Usiku amalondera khola la mbuzi, chimanga chikakhwima amapirikitsa anyani kumunda, ndipo m'chilimwe amatsagana ndi anyamata kuuzimba. Koma akafika zaka 7 kapena 8 n'kuyamba kudzuka movutikira, ena amangoti "watha ameneyu", pamene ena amathamangira kugolosale kukagula bulufeni. Ndalemba makamaka chifukwa cha gulu lachiwirili, pakuti chifundo chawocho chikupha agalu.

Vutoli kawirikawiri imakhala nyamakazi, yonga imene imasautsa agogo athu m'maondo. Pamene mafupa awiri akumana, nsonga zake zimakutidwa ndi kamnofu koterera. Kamnofuka kakaperepeseka, mafupa amakhulana, malowo amatupa n'kumapweteka. M'matauni vutoli limakula ndi kunenepa, koma agalu athu akumudzi, amene nthiti zawo ungaziwerenge uli patali, ambiri amalitengera ku mabala akale. Galu anagundidwa ndi njinga ya kabaza pamsewu wa M5, anakodwa mu msampha wa waya kapena anagendedwa. Bala linapola, tinaiwala, koma patapita zaka mfundo ija imayamba kuvuta.

Mudzamuona m'mawa, makamaka mu June ndi July kukamazizira. Amadzuka mouma thupi, akayendayenda pang'ono amakhalako bwino. Ngalande imene ankailumpha tsopano amaizungulira. Amanyambita bondo limodzimodzi, ntchafu ya mwendo umenewo imaonda, ndipo mwana akamugwira m'chiuno amadzuma. Yambani mwaona kuphazi ngati kulibe munga. Dziwaninso kuti nyamakazi imabwera pang'onopang'ono. Galu amene dzana anali bwinobwino, lero miyendo yakumbuyo yafooka, akuchucha dovu ndipo wasintha khalidwe, musamugwire. Chikhoza kukhala chiwewe. Chotsani ana pafupi, itanani alangizi a ziweto.

Tibwerere ku mankhwala aja. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi anapangira anthu. Mwa galu amakhalitsa m'thupi, amayambitsa zilonda m'mimba ndi kuononga impso. Tsiku loyamba galu amaoneka ngati wachira, mwini wake n'kuonjeza m'bulu wina. Kenaka amasiya kudya, amasanza, chimbudzi chake chimada bii ngati phula, amenewo ndi magazi. Tonse tikudziwa kuti indosidi yemweyu ena amamuthira m'zakudya pofuna kupha makoswe. Nanga tikumupatsiranji galu amene timamukonda? Panado nayenso akapyola muyeso amaononga chiwindi cha galu, ndipo mphaka ndiye amafa naye msanga.

Mankhwala oyenera galu alipo. Odziwika kwambiri ndi meloxicam ndi carprofen. Muyeso wake amautengera kulemera kwa galuyo, choncho musapite kukafunsa musanamuyeze. Sikelo yoyezera nandolo ndi yokwanira, mungomunyamulira m'chitenje cholimba. Mankhwalawa amamwetsa galu atadya, madzi akumwa ali pafupi, ndipo akayamba kusanza kapena kukana chakudya mumasiya pomwepo. Saphatikiza ndi dexamethasone kapena prednisolone, chifukwa awiriwo akakumana amaboola m'mimba. Ngati galu anabayidwa kale jakisoni wina uliwonse, nenani.

Poyambira pathu ndi kwa alangizi a ziweto a ku Sharpevale kapena ku Bilila. Ngakhale ntchito yawo yambiri ndi ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, akhoza kumuona galuyo ndi kukuuzani koti mukagule mankhwala enieni. Amene ali ndi abale ku Lilongwe angathe kufunsanso ku chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA. Kunja kuli jakisoni wobaya kamodzi pamwezi wotchedwa Librela, amene anavomerezedwa ku Ulaya mu 2020 ndipo ku America mu 2023, koma mtengo wake si wa mlimi wa thonje.

Chimene ndikufuna tigwirizane n'chakuti nyamakazi sichizika. Mankhwala amangochepetsa ululu, ndipo gawo lalikulu la chisamaliro lili m'manja mwathu, losalira ndalama. Pakhomo panga pali galu wa zaka 10. Ndinamuchotsa pakhonde la simenti, tsopano amagona pa ziguduli ziwiri m'khitchini, mosafika mphepo. Kuuzimba ndinamuletsa, ngakhale anyamata amadandaula kuti ndiye anali katswiri wonunkhiza. Koma sindimusiya kuti azingogona tsiku lonse, chifukwa mfundo yosayenda imauma ndipo minofu imatha. Timapita limodzi kudimba m'mawa dzuwa litatuluka, mtunda waufupi, pa liwiro lake, tsiku lililonse. Kumangirira galu wotere pa tcheni chachifupi ndiko kumuonjezera matenda.

Pa chakudya, nsima ya gaga yokha siikwanira. Ndimamusakanizira usipa pang'ono wopanda mchere, chifukwa mafuta a nsomba amathandizako kuchepetsa kutupa kwa mfundo. Ndikudziwa kuti wina aseka, akuti ndiwo zikusowa ana ndiye mupatse galu? Ine ndimatola mitu ndi zinyenyeswa zotsalira pansi pa lichero. Kwa inu a m'tauni amene agalu anu ndi onenepa, kuchepetsa mbale ndiwo mankhwala oyamba. Mapiritsi a glucosamine amene amagulitsidwa modula m'masitolo umboni wake ndi wofooka, bola ndalamayo mugulire meloxicam.

Chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo nyengo ya katemera alangizi amafika m'midzi mwathu. Pempho langa kwa iwo n'lakuti akamabaya agaluwo azitenga mphindi zochepa kuuza anthu za kuopsa kwa bulufeni ndi indosidi. Inunso eni agalu, musasiye wokalambayo kunyumba poti akuyenda pang'onopang'ono. Mukwezeni pa ngolo, akabayidwe katemera, ndipo mlangizi akamugwire mfundo zakezo.