Kujambula tinthu tating'ono ndi dontho la madzi

Amene amalawirira ku dimba m'miyezi ya June ndi July kuno ku Angónia amadziwa mmene mame amakhalira pa masamba a kabichi ndi a koko, timadontho tobulungira tong'anima ngati mikanda. Ambirife timangodutsa. Koma mukawerama n'kuyang'anitsitsa dontho limodzi, mudzaona kuti mkati mwake muli mtengo kapena nyumba imene ili kuseri kwake, itazondoka. Izi zili choncho chifukwa dontho lobulungira limapinda kuwala monga limachitira galasi lokulitsa zinthu.

Luso lojambula madontho ndi tinthu tating'ono linayamba kale. M'chaka cha 1957, Harold Edgerton wa ku America anajambula dontho la mkaka likugwa n'kuthovoka ngati chisoti cha mfumu, ndipo chithunzicho n'chotchuka mpaka lero. Iye anali ndi zipangizo zodula. Ife tikhoza kuyamba ndi foni yokhala ndi kamera, madzi oyera ndi kamtengo ka machesi.

Kachitidwe kake n'kotere. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Viikani kamtengo ka machesi m'madzi ndi kudontheza kadontho kamodzi kokha pagalasipo. Tembenuzani foni mwapang'onopang'ono kuti kadonthoko kalendewere. Tsono yandikizani foni pa chinthu chimene mukufuna kujambula, pafupifupi sentimita imodzi, muzisendeza mpaka chithunzi chitaoneka bwino. Dontho likakula limagwa, ndipo samalani kuti madzi asalowe pobowola potchajira kapena polankhulira.

Mdani wamkulu pa ntchitoyi ndi kunjenjemera kwa manja. Tsamiritsani zigongono pa mwala kapena pa mawondo, ndipo gwirani mpweya pamene mukudina. Nthawi yabwino ndi m'mamawa mphepo isanayambe, dzuwa likuwala cham'mbali. Nyali ya foni muizimitse chifukwa pafupi chotero imangoyeretsa chithunzi. Ofuna kujambula mame enieniwo aike duwa kuseri kwa tsamba, ndipo duwalo lidzaoneka m'dontho lililonse. Zithunzi zoyamba zimatuluka zosaoneka bwino, koma musagwe mphwayi.

Wina anganene kuti awa ndi masewera a ana asukulu. Komatu alimi ali ndi phindu pamenepa. Mbozi ya ntchemberezandonda yochokera ku America inaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo pofika 2017 inali itawononga chimanga kuno kumwera. Zizindikiro zake n'zazing'ono: pamutu pake pali mzere wonga chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Kapuchi alibe zimenezi. Mazira ake amakhala pamodzi patsamba, atakutidwa ndi tiubweya totuwa.

Mlimi wa ku Tsangano kapena Domwe amene ali kutali ndi mlangizi akhoza kujambula mboziyo ndi kukaonetsa chithunzi ku Ulongwe, kapena kuchitumiza pa foni. Akatero adzauzidwa chenicheni chimene chalowa m'munda asanataye ndalama pa mankhwala olakwika.

Choncho makolo, mwana akabwereka foni kuti akajambule mame, muuzeni kuti akafikenso m'munda wa chimanga, akasuzumire kumtima kwa mbewu ndi kunsi kwa masamba.