Kuyamba Sikelo Msanga Kumathandiza Kuzindikira Shuga wa Pathupi

Amayi ena a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25 amayamba sikelo mimba ikaonekera. Kuchedwa kotereku kumabisa matenda a shuga amene amabwera mayi akakhala woyembekezera.

Mimba ikamakula, mahomoni a pathupi amafooketsa mphamvu ya insulini, yomwe imathandiza kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Thupi likalephera kupanga insulini yokwanira, shuga amakwera. Kawirikawiri mayi samva kupweteka kulikonse, ndipo ludzu, kutopa ndi kukodza pafupipafupi amangoti ndi za mimba.

Komatu shugayo amafika kwa mwana. Mwana amatha kukula kupitirira makilogalamu 4, kubereka n'kuvuta mpaka kufunika opaleshoni. Akabadwa, shuga wake amatha kutsika moopsa, pomwe mayi amakhala pachiopsezo cha kuthamanga kwa magazi.

Mu 2016, bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo maulendo osachepera 8, loyamba mimba isanapitirire masabata 12, ndipo Malawi anatengera ndondomekoyi. Paulendo woyambawu, mayi auze azamba ngati ali ndi wachibale wodwala shuga, ngati anaberekapo mwana wamkulu kwambiri kapena wakufa, kapenanso ngati shuga anamukwerapo pa mimba yapita. Amayi otere, pamodzi ndi onenepa kwambiri, ndiwo ayenera kuyezedwa msanga. Kuyeza koyambiriraku kumaululanso shuga amene analipo mimba isanabwere.

Zotsatira zabwino za ulendo woyamba sizikutanthauza kuti nkhani yatha, chifukwa vutoli limaonekera kwambiri pakati pa masabata 24 ndi 28. Njira yodalirika n'kuyeza magazi m'mawa mayi asanadye, kenako n'kuyezanso patapita ola limodzi ndi maola awiri atamwa madzi osungunuliramo magalamu 75 a gulukosi.

Wopezeka ndi vutoli asataye mtima. Ambiri amathandizika pochepetsa zakumwa zotsekemera, mandasi ndi shuga wa mu tiyi, kudya nsima ya mgaiwa yochepa ndi masamba, nyemba kapena usipa, komanso kuyenda akatha kudya. Ena amapatsidwa mankhwala.

Sikelo ikupezeka pa zipatala zaboma monga za Kawale, Area 25 ndi Bwaila, ndipo ofunika chisamaliro chapadera amatumizidwa ku Kamuzu Central. Shugayu nthawi zambiri amatsika mayi akachira, koma ayenera kuyezedwanso pakatha masabata 6 mpaka 12, popeza matendawa amatha kudzabweranso n'kukhazikika. Abambo, mafumu ndi makomiti a chitukuko ali ndi udindo wolimbikitsa amayi kuyamba sikelo akangozindikira kuti aima.