"Mwanayu Sanayambebe Kuyenda?"

Mayi wobereka mwana kumbuyo sasowa womupatsa malangizo. Pamjigo, kuchigayo, m'minibasi, ngakhale pamzere wa kusikelo, pamapezeka munthu wosamudziwa n'komwe amene amasuzumira m'chitenje n'kufunsa miyezi ya mwanayo. Akamva yankho, chigamulo chimatsatira pomwepo: "Miyezi 10 koma mkamwa mulibe dzino?" Wina amati, "Wanga pa msinkhu umenewu anali atayamba kale kuthamanga." Winanso amangopukusa mutu n'kunena kuti mwanayo ndi wochepa thupi, mkaka wa mayi wake sukumukwanira.

Ambiri mwa anthu otere salankhula ndi mtima woipa. Kumudzi mwana sakhala wa munthu mmodzi, ndipo wachikulire aliyense amaona kuti ndi udindo wake kuikapo mawu. Koma wolankhulayo akatsika minibasi amaiwala zimene wanena, pamene mayi amapita nazo kunyumba n'kukagona nazo. Pali amayi amene amayamba kupatsa phala mwana wa miyezi 3 chifukwa wina wawauza kuti akulira njala. Ena amakafuna mankhwala azitsamba oti mwana ayende msanga. Enanso amaleka kupita kusikelo chifukwa cha manyazi, poopa kuti mwana wawo ayerekezedwa ndi ana a anzawo. Zonsezi zimaika moyo wa mwana pachiswe, ngakhale kuti poyamba analibe vuto lililonse.

Chida choyamba cha mayi ndicho kudziwa kuti ana athanzi sakula mofanana. M'chaka cha 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika pa ana athanzi a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Ena mwa anawo anayamba kukhala pansi okha ali ndi miyezi 4, ena atakwanitsa miyezi 9. Woyamba kuyenda yekha msanga anali wa miyezi 8, koma panalinso ena amene anayenda atatsala pang'ono kukwanitsa miyezi 18. Ana pafupifupi 4 mwa 100 alionse sanakwawe n'komwe, anangoimirira n'kuyamba kuyenda. Tsono ana awiri obadwa tsiku limodzi angathe kusiyana ndi miyezi 9 yathunthu pa kayendedwe, onse awiri ali bwinobwino. Munthu wonena kuti wake anayenda msanga akunena zoona za mwana wakeyo, koma sakunena kanthu za mwana wa mnzake.

Mano nawonso ali ndi nthawi yawoyawo. Dzino loyamba limatuluka kawirikawiri mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, koma ena amakwanitsa chaka mkamwa muli mbee. Miyendo ya matewe pang'ono mwa mwana amene wangoyamba kumene kuyenda nthawi zambiri imawongoka yokha akamafika zaka 2 kapena 3. Mwana wamanzere sakudwala, ndipo palibe chifukwa chomumenyera dzanjalo. Wobadwa masiku asanakwane amawerengeredwa msinkhu wake pochotsa masabata amene anatsala, chinthu chimene munthu wodutsa sangachidziwe. Ndipo pa nkhani ya mkaka, mwana wosakwana miyezi 6 amene akuyamwa kawirikawiri, akukodza bwino, ndipo sikelo yake ikukwera, safuna phala kapena madzi.

Nanga mayi ayankhe chiyani? Yankho labwino ndi lalifupi ndi laulemu. Kwa munthu wachikulire angathe kunena kuti, "Zikomo agogo, anamwino amuona mwezi uno ndipo akuti akukula bwino." Kwa mayi mnzake wokonda kuyerekeza ana anganene kuti, "Eetu achemwali, ana amasiyana, uyu akubwera m'nthawi yake." Akatero asinthe nkhani. Mayi alibe ngongole yofotokozera mlendo mbiri ya mwana wake, momwe anabadwira kapena matenda amene anadwalapo. Kutsutsana sikupindula kanthu, pakuti munthu amene analera ana 8 savomera kugonja pamzere wa kuchigayo. Mlendo akapitirizabe kufunsa, si mwano kumuuza kuti, "Pepani, nkhani imeneyi timakambirana ndi achipatala."

Pali malire amodzi amene ulemu suyenera kuwadumpha. Munthu wosadziwika asaloledwe kupisa chala mkamwa mwa mwana pofuna kuona mano, kusinja liwombo lake, kapena kumumwetsa chilichonse. Zala zimanyamula tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, ndipo mankhwala osadziwika mphamvu yake angathe kuvulaza khanda. Apa mayi akane mosapita m'mbali.

Akuluakulu amaiwalanso kuti mwana amamva. Mwana wa zaka 2 kapena 3, ngakhale amene sanayambe kulankhula bwino, amazindikira kuti akunenedwa, ndipo mawu monga "wopusa" kapena "wogona" amamukhala mumtima. Mayi wanzeru amayankha motchula zimene mwanayo amatha, monga kuti amadya yekha kapena amadziwa mayina a abale ake onse, kuti mwanayo amve kuti mayi wake ali kumbali yake. Bambo nayenso ali ndi gawo lalikulu. Mawu a kunjira akafika pakhomo, apongozi ndi azakhali amawakulitsa, ndipo mlandu wonse umagwera mayi. Bambo amene amapitako kusikelo ndi kuona yekha mzere wa mwana wake m'buku la kuchipatala amathetsa mikangano yotere ndi mawu ochepa.

Komabe si mawu onse a mlendo amene ayenera kutayidwa. Diso la munthu wakunja nthawi zina limaona chimene mayi wachizolowera chifukwa chokhala ndi mwanayo tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, kotero kuti nkhawa ya kuchepa msinkhu si yopanda maziko. Cholakwika chimakhala pa chifukwa chimene mlendo amapereka ndi mankhwala amene amalangiza. Akaona mapazi otupa ndi tsitsi lofiirira lonyozoloka amati ndi tsempho, n'kuyamba kuloza makolo chala. Zizindikirozo ndi zenizeni, koma ndi za kunyentchera, ndipo mwana wotero amachira akalandira chithandizo ndi chiponde kuchipatala. Liwombo lolowa mkati mwa mwana wotsegula m'mimba limasonyeza kuti madzi atha m'thupi. Chofunika ndi Thanzi ORS, kuyamwitsa ndi kuthamangira kuchipatala, osati kumata mankhwala pamutu. Mawu otonthoza nawonso amapha. Amene amati, "Musadandaule, akutsegula m'mimba chifukwa cha mano," wachedwetsa amayi ambiri mpaka mwana kufooka.

Choncho mayi atenge chimene mlendo waona, asiye chimene walangiza, apite nacho kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo. Asadikire tsiku la sikelo ngati mwana wadutsa miyezi 9 asakutha kukhala yekha, wakwanitsa miyezi 18 asakuyenda kapena asakutchula liwu lililonse, satembenuka akaitanidwa kapena pakamveka phokoso, kapenanso thupi lake ndi lolobodoka kapena louma gwa. Chodetsa nkhawa koposa ndi mwana amene waleka kuchita zimene ankatha kale, monga zimachitikira ena akadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi.

Mayi wa mwana wolumala ndiye amamva mawu opweteka kuposa onse, pakuti ena amafika ponena za ufiti kapena kukhwima. Kulumala kwa ana kuli ndi zifukwa zodziwika, monga kubanika pobadwa, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, ndi matenda ogwira ubongo. Mwana wotero akayamba mafizo msanga amaphunzira zambiri, ndipo kumubisa m'nyumba kumangomuchedwetsa. Mayiyu angayankhe mlendo kuti, "Ali pa chithandizo, zikomo," ndipo zakwanira.

Pofika kusikelo, mayi asangopereka buku n'kulandiranso ali chete. Afunse ngati mzere wa mwana wake ukukwera, waima kapena ukutsika. Apemphe kuona mtundu umene lamba woyezera mkono waonetsa, wobiriwira, wachikasu kapena wofiira. Kenaka afotokoze mawu amene anamva kunjira monga momwe anawamvera, kuti namwino amuyeze mwanayo pa chinthu chenichenicho chimene chikumusowetsa tulo.