Kudina kawiri kumadya mpamba

Amalonda ambiri masiku ano akupikula katundu, kulipira ma oda ndi kugula mayunitsi a magetsi pa foni. Koma pali kachizolowezi kamodzi komwe kakutsekereza ndalama za geni mwakachetechete, komwe ndi kudina batani lotumizira kawiri.

Munthu akadzaza fomu pa intaneti n'kudina, uthenga umapita ku kompyuta ya kampani yogulitsayo. Netiweki ikafooka, uthengawo umatha kufika bwinobwino koma yankho n'kuchedwa kubwerera. Pa foni pamangozungulira kachizindikiro, ndipo wamalonda poganiza kuti zakanika amadinanso. Kompyuta yomwe sinakonzedwe bwino imawerenga kudina kwachiwiriko ngati oda ina. Mwachitsanzo, amene amalipira K60,000 ya mabelo a shuga amapezeka kuti watulutsa K120,000, ndipo podikira kuti zibwezedwe benchi imakhala yopanda katundu.

Akatswiri okonza mawebusayiti ali ndi njira zitatu zotchingira vutoli. Yoyamba ndi kuzimitsa batani likangodinidwa kamodzi. Yachiwiri ndi kupatsa fomu iliyonse nambala yakeyake yobisika, ngati nambala ya risiti. Nambalayo ikafika kachiwiri, kompyuta imadziwa kuti ndi oda yomwe ija ndipo siyidulanso ndalama. Yachitatu ndi kusamutsira wogula pa tsamba lina malipiro akangotheka, kuti akatsitsimutsa tsambalo fomu isapitenso.

Si mawebusayiti onse omwe ali ndi chitetezo chotere, choncho wamalonda azidziteteza yekha. Akadina kamodzi adikire, asabwerere m'mbuyo kapena kutsitsimutsa tsamba. Chrome ikaonetsa mawu akuti "Confirm Form Resubmission", ikuchenjeza kuti fomu ipitanso, ndipo pa nkhani ya ndalama ndi bwino kukana.

Asanayesenso, ayambe waona ndalama zotsala ku Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki. Ngati zatsika, malipiro adutsa kale ngakhale uthenga wa SMS usanafike. Zikapezeka kuti zadulidwa kawiri, asunge mauthenga onse awiri, chifukwa uliwonse umakhala ndi nambala yake ya malipiro. Nambala ziwirizo ndi zomwe wogulitsa kapena a banki amafuna kuti abweze ndalamazo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi ziwiri zodikira zimateteza mpamba wa sabata yonse.